Mipikisano ya Masewera Oika Moyo Pachiswe: Mafunso ndi Mayankho

Aliyense amene anaonerapo munthu akudumpha chigwa ndi njinga, kapena akutsetsereka pa funde la mamita 20, amatsala ndi mafunso ofanana: akuchitiranji zimenezi, oweruza amayang'ana chiyani, nanga akagwa chimachitika n'chiyani? Tasonkhanitsa mafunso amene amabwera kawirikawiri, ndipo pamene nkhani ikufuna kufotokoza bwino sitinafupikitse.

Masewera amenewa ndi ati kwenikweni?

Palibe mndandanda umodzi umene onse amagwirizana nawo. Chimene chimawaika m'gulu limodzi n'chakuti wosewera amalimbana ndi kutalika, liwiro, madzi, mphepo kapena thanthwe, ndipo akalakwitsa pang'ono, thupi ndi limene limamva kuwawa. M'gululi muli skateboard (bolodi, kapena kuti kathabwa, ya timatayala), njinga zing'onozing'ono za BMX, njinga zotsika mapiri, njinga zamoto zodumphira m'malere, snowboard ndi ski (kutsetsereka pa chipale chofewa ndi bolodi imodzi kapena timatabwa tiwiri), surfing (kutsetsereka pa mafunde ndi bolodi), kukwera makoma ndi matanthwe, kudumphira m'madzi kuchokera pamwamba pa phompho, komanso kudumpha ndi parachuti kuchokera pa milatho ndi nsanja.

Kuopsa kwake sikufanana ngakhale pang'ono. Wokwera khoma la mamita 4.5 pansi pali matiresi okhuthala sangayerekezedwe ndi wodumpha pa phompho ndi parachuti imodzi yokha. Kuwaphatikiza onse n'kunena kuti ndi anthu osaopa imfa n'kusawamvetsa.

Mipikisano yake inayamba liti kutchuka?

Achinyamata ankapikisana kale m'misewu, m'magombe ndi m'mapiri, koma zinthu zinasintha wailesi ya kanema itaikapo mtima. Mu 1995 kampani ya ESPN inakonza mpikisano ku Rhode Island m'dziko la America n'kuutcha Extreme Games, ndipo chaka chotsatira dzinalo linakhala X Games. Wa nyengo yachisanu unayamba mu 1997 ku Big Bear Lake ku California; kuyambira 2002 wakhala ukuchitikira ku Aspen.

Usiku umene anthu ambiri amaukumbukira ndi wa mu 1999 ku San Francisco. Tony Hawk anayesa mobwerezabwereza kuzungulira kawiri ndi theka m'malere ali pa skateboard, akugwa n'kudzuka, mpaka nthawi yoikika inatha. Okonza mpikisano anamusiya kuti apitirize, anzake akumuchemerera, ndipo pamapeto pake anatera bwino. Anthu oonera kunyumba anaona kulephera konse asanaone kupambana, ndipo zimenezo zinawakhudza kuposa mendulo.

Mipikisano ina inatsatira: Red Bull Rampage ya njinga zotsika mapiri ku Utah mu 2001, Red Bull Cliff Diving World Series mu 2009, ndi Street League Skateboarding imene Rob Dyrdek anayambitsa mu 2010.

N'chifukwa chiyani oonera akuchulukirachulukira?

Choyamba, sipafunika kuphunzira malamulo kuti mtima ukhale m'malere. Munthu amene sanagwirepo bolodi amaona yekha kuti funde lija n'lalikulu ndipo amene ali pansi pake ali pamavuto. Masewera ambiri amafuna kuti udziwe matimu, mbiri yawo ndi mmene ligi ikuyendera. Kuno diso lokha likwanira.

Chachiwiri ndi kufupika. Wa skateboard amapatsidwa masekondi 45, wa BMX 60, wodumphira m'madzi amakhala m'malere masekondi osakwana atatu. Zoterezi zimakwana bwino pa foni, ndipo munthu amatumizira mnzake osataya nthawi. Makamera aang'ono a GoPro omangirira pa chisoti kapena pachifuwa anachititsa kuti woonera aziona chimene wosewera akuona, ndipo tindege ta kamera timatha kutsatira njinga kuchokera pamwamba pa phiri mpaka pansi. Mu October 2012, pamene Felix Baumgartner anadumpha ndi parachuti kuchokera m'mwamba makilomita pafupifupi 39, anthu pafupifupi 8 miliyoni ankaonera nthawi imodzi pa YouTube. Sunali mpikisano, koma makampani anaona kuchuluka kwa anthu ofuna zoterezi.

Pali chinanso chimene ife timachiona kuti n'chachikulu, ngakhale sichitchulidwa kawirikawiri: khalidwe la opikisanawo. Wina akatera bwino chinthu chovuta, amene wangomulanda malo ndi amene amayamba kumukumbatira. Si zongodzionetsera. Onse amadziwa mtengo wa chimene mnzawo wachita, chifukwa anathyokapo mafupa pochiphunzira, ndipo kawirikawiri amayeserera limodzi n'kuuzana za liwiro ndi mphepo mpikisano usanayambe.

Malo ochitira masewerawa nawonso achuluka. Mizinda yambiri yamanga mabwalo a skateboard ndi makoma okwera a m'nyumba, moti amene akuonera masiku ano ambiri anayesapo okha.

Anafika bwanji ku Olimpiki?

Pang'onopang'ono. Njinga za m'mapiri zinalowa ku Atlanta mu 1996, snowboard ku Nagano mu 1998, mjaha wa BMX ku Beijing mu 2008. Kusintha kwakukulu kunabwera ndi masewera a Tokyo, amene anachitika mu 2021: skateboard, surfing, kukwera khoma ndi BMX yoonetsa luso zinalowa nthawi imodzi, chifukwa akuluakulu a Olimpiki ankafuna kukopa achinyamata. Pa skateboard, Momiji Nishiya wa ku Japan anapata golide ali ndi zaka 13, ndipo Rayssa Leal wa ku Brazil, wa zaka 13 yemwenso, anapata siliva. Ku Paris mu 2024 Arisa Trew wa ku Australia anapambana ali ndi zaka 14, pamene surfing inachitikira ku Teahupo'o pa chilumba cha Tahiti, makilomita oposa 15,000 kuchokera ku Paris.

Si onse anasangalala nazo. Ena a skateboard amati yunifolomu, makochi ndi mapointi zimachotsa ufulu umene masewerawa anabadwa nawo. Dandaulo lawo lili ndi mfundo, koma Olimpiki inabweretsanso madokotala, mabwalo abwino ndi thandizo la maboma kwa osewera amene kale ankadzilipirira zonse.

Manambala monga 540, 900 ndi 1080 amatanthauzanji?

Ndi madigiri a kuzungulira. Kuzungulira kamodzi ndi 360, kamodzi ndi theka 540, kawiri 720, kawiri ndi theka 900, katatu 1080. Gui Khury wa ku Brazil anachita 1080 ndi skateboard pa X Games mu 2021 ali ndi zaka 12. Pa snowboard, mawu akuti double cork kapena triple cork amanena kuti wosewera wapidiguka mopendekeka kawiri kapena katatu uku akuzungulira. Ayumu Hirano anapambana ku Beijing mu 2022 ndi triple cork.

Oweruza amapereka bwanji mapointi?

Zimatengera masewera ake, ndipo apa ndi pamene oonera atsopano amasokonezeka kwambiri.

Pa halfpipe, ngalande ya chipale yokhala ndi makoma a mamita 6.7 mbali zonse ziwiri, wosewera amadumpha kasanu kapena kasanu ndi kamodzi akutsika. Oweruza amayang'ana kutalika kumene wafika pamwamba pa khoma, kuvuta kwa zimene wachita, ukhondo wa kachitidwe kake, kusiyanasiyana kwa mbali zimene wazungulirira, ndiponso ngati wabweretsa chatsopano. Mapointi amafika 100, koma nambalayo ntchito yake ndi kuika anthu mu mndandanda. 90 ya lero si 90 ya chaka chatha. Dzanja likakhudza pansi potera, kapena akagwira bolodi mwachiphamaso m'malere, mapointi amatsika ngakhale atazungulira kambiri. N'chifukwa chake nthawi zina wozungulira pang'ono koma mwaukhondo amagonjetsa wozungulira kwambiri.

Pa surfing oweruza asanu amapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 10 pa funde lililonse. Okwera kwambiri ndi otsika kwambiri amachotsedwa, n'kupeza avereji ya atatu otsalawo. Mafunde awiri abwino okha ndi amene amawerengedwa, choncho malire ndi 20. Palinso lamulo la amene ali ndi ufulu wosankha funde. Ukalowerera funde la mnzako ufuluwo uli ndi iye, amakudula mapointi. Ambiri amagonja osati chifukwa cha luso lochepa, koma chifukwa chotaya ufuluwo pa funde lachabechabe, labwino n'kubwera pambuyo.

Pa skateboard ya mumsewu ku Paris, aliyense anali ndi mwayi uwiri wa masekondi 45 ndi mwayi usanu wochita chinthu chimodzi chovuta. Ankaphatikiza mwayi umodzi wabwino wa masekondi 45 ndi zovuta ziwiri zabwino, malire ake 300.

Kukwera khoma kulibe zokonda za oweruza. Pa mtundu wa liwiro, khoma ndi la mamita 15, lopendekeka madigiri 5, ndipo zogwira zake zimaikidwa mofanana kulikonse padziko lapansi. Ukanyamuka pasanathe sekondi 0.1 chizindikiro chitalira, wagonja basi. Ku Paris, Sam Watson analikwera m'masekondi 4.74, ndipo Aleksandra Mirosław m'masekondi 6.06. Pa mtundu wa chingwe, amene wafika patali m'mphindi 6 ndiye wapambana, ndipo opikisana amatsekeredwa m'chipinda kuti asaone mmene anzawo akukwerera.

Munthu amaphunzira bwanji kupidiguka ndi njinga popanda kuthyoka khosi?

Sayambira pa nthaka yolimba. Amayamba pa trampoline (chinsalu chotambasuka chodumphirapo) opanda njinga kapena bolodi, mpaka thupi litazolowera kudziwa kumene kuli pansi likamazungulira. Kenako amadumphira m'dzenje lodzaza ndi zidutswa za siponji, kapena pa chithumba chachikulu chopopa mpweya. Akamatera choongoka nthawi zonse, osati mwa apo ndi apo, amapita pa malo otererapo otsetsereka okutidwa ndi pulasitiki yolimba pamwamba pa siponji: matayala amatha kuyenda, koma akagwa pansi pamabonyeka. Pomaliza ndi pamene amapita pa dothi, matabwa kapena chipale.

Sitepe iliyonse imajambulidwa pa kamera n'kuonedwa pang'onopang'ono, kuti aone pamene mutu watembenukira msanga kapena phewa latsalira. Pamene Travis Pastrana anapidiguka chagada kawiri pa njinga yamoto ku Los Angeles mu 2006, oonera anaona masekondi ochepa. Kumbuyo kwake kunali kudumphira m'siponji nthawi yaitali.

Nanga chimalakwika n'chiyani ngozi ikamachitika?

Kawirikawiri ndi liwiro. Malo otererapo amamangidwa motsetsereka kuti munthu akamatsika asamenyeke koma apitirire kutsetsereka. Akabwera ndi liwiro lochepa amamenya pamwamba pafulati, malo otsetsereka asanayambe. Akabwera ndi lochuluka amapitirira potsetsereka ponse n'kukagwera pansi pafulati, ndipo mphamvu yonse imalowa m'akakolo, m'mawondo ndi mumsana. Chovuta n'chakuti liwiro limasintha tsiku lomwelo: chipale chimafewa dzuwa likakwera n'kuchedwetsa bolodi, madzulo chimauma n'kuthamangitsa, dothi louma silifanana ndi lonyowa.

Mphepo ndi mdani wachiwiri. Yochokera kutsogolo imafupikitsa mdumpho, ya m'mbali imakankha njinga kapena bolodi m'malere pamene munthu sangachitenso kanthu. Ku Pyeongchang mu 2018 mpikisano womaliza wa amayi wa snowboard yodumpha zopinga unapitirira kuli mphepo yamphamvu, ndipo ambiri anagwa. Unayenera kuimitsidwa.

Chachitatu ndi kukayika pakati pa mdumpho. Wayamba kupidiguka, mantha akugwira, watambasula thupi. Kuzungulira kumachedwa ndipo umatera ndi mutu kapena phewa. Makochi amaphunzitsa kuti nthawi yosintha maganizo ndi usananyamuke. Kutopa kumabweretsanso zomwezi, n'chifukwa chake ngozi zambiri zimachitika kumapeto kwa tsiku, munthu akamati ndiyesenso kamodzi kokha.

Mafupa a dzanja ndi a paphewa amapola, mitsempha ya m'bondo imasokedwa. Chimene chimaopsa kwambiri ndi mutu. Kevin Pearce wa snowboard anavulala ubongo akuyeserera mu 2009 ndipo sanabwererenso ku mipikisano. Sarah Burke, amene anamenyera nkhondo kuti ski ya pa halfpipe ilowe ku Olimpiki, anamwalira mu January 2012 atagwa poyeserera ku Park City, zaka ziwiri masewera akewo asanalowe ku Olimpiki ya ku Sochi. Caleb Moore anamwalira mu 2013 makina oyenda pa chipale amene ankapidiguka nawo atamugwera, imfa yoyamba pa X Games. Dave Mirra, katswiri wa BMX, atamwalira mu 2016 madokotala anapeza mu ubongo wake matenda obwera chifukwa chomenyeka mutu mobwerezabwereza.

N'chifukwa chiyani odumpha pa phompho amalowa m'madzi ndi mapazi?

Amuna amadumpha kuchokera mamita 27, amayi 21, ndipo amafika pamadzi pa liwiro la makilomita pafupifupi 85 pa ola. Pa liwiro limenelo khosi ndi mapewa sizingapirire, choncho amamaliza kuzungulira akuona madzi, n'kulowa ndi mapazi, miyendo yolumikizana, minofu yonse yolimbitsa. Akapendekeka pang'ono n'kumenya ndi chifuwa kapena msana, nthiti zimatha kuthyoka ndipo munthu amakomoka. Pansi pamakhala akatswiri osambira amene amamira naye nthawi yomweyo, ndipo amawaza madzi kuti wodumphayo aone bwino pamene payambira madzi. Sadumpha kambiri pa msinkhu wonsewo poyeserera. Amagawa mdumpho m'zigawo n'kuziphunzira pa mamita 10.

Mipikisano ya panyanja ndi m'mapiri imaimitsidwaimitsidwa bwanji?

Chifukwa bwalo lake silimvera munthu. Okonza amaika nyengo yodikira, ya masiku kapena miyezi, n'kumayang'ana zanyengo. Mpikisano wa surfing wotchedwa Eddie Aikau ku Waimea Bay ku Hawaii umachitika pokhapokha mafunde akafika msinkhu wofunika. Unachitika mu 2016, n'kudzachitikanso mu 2023, pamene anapambana Luke Shepardson, wopulumutsa anthu pagombe amene tsikulo anali pantchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Nazaré ku Portugal mafunde amakula chifukwa cha chigwa cha pansi pa nyanja, chakuya pafupifupi mamita 5,000 m'malo ena, chimene chimafika pafupi ndi gombe n'kusonkhanitsa mphamvu ya madzi. Kumeneko Sebastian Steudtner anakwera funde la mamita 26.21 mu 2020, ndipo Maya Gabeira la mamita 22.4 chaka chomwecho. Funde lotere silingapalasidwe ndi manja. Munthu amakokedwa ndi jet ski (njinga yamoto ya pamadzi), ina imadikira kuti imutole akagwa, wina ali pamtunda ndi wailesi kuwauza kumene wavuukira. Amavala jekete yokhala ndi timabotolo ta mpweya. Akakoka chingwe imafufuma n'kumukweza. Choopsa kwambiri ndi funde lachiwiri kumupeza asanapume.

Ku Verbier ku Switzerland, pa phiri la Bec des Rosses, opikisana a ski ndi snowboard saloledwa kutsikapo tsiku lisanafike. Amaliphunzira ndi zoonera patali ndi zithunzi, n'kuloweza pamtima thanthwe lililonse, podziwa kuti akaima pamwamba zonse zidzaoneka mosiyana. Aliyense amanyamula kachipangizo kosonyeza pamene ali chipale chikamukwirira, fosholo, ndodo yofufuzira ndi chikwama chofufuma. Ku Rampage, wokwera njinga ndi anzake okumba amatha masiku angapo ndi mafosholo ndi madzi kukonza njira yakeyake pa phirilo.

Kodi osewerawa amalemera nazo?

Ochepa okha. Ndalama za mphoto nthawi zambiri sizikwanira maulendo ndi zida. Zenizeni zimachokera ku makampani owathandiza, ndipo makampaniwo amayang'ananso kuchuluka kwa owatsatira pa intaneti. Ukavulala chaka chonse, mgwirizano ungathe osakonzedwanso, ndipo inshulansi ya masewera otere ndi yodula. Kuvulala msana kwa Paul Basagoitia ku Rampage mu 2015 kunadzutsa mkangano waukulu pa nkhani ya amene ayenera kulipira chipatala.

Kumbali ya amayi zinthu zikusuntha. World Surf League, imene imayendetsa mipikisano ya surfing, inayamba kupereka mphoto zofanana kwa amuna ndi amayi mu 2019, ndipo amayi anapikisana koyamba ku Rampage mu 2024.

Kodi mipikisano siikankhira anthu kupyola malire?

Imatero, ndipo sitingabise. Chimene chinapambana chaka chatha sichikwanira chaka chino, ndipo kamera ikayaka, wosewera amene akanasiya amapitiriza. Komabe ngozi zoopsa zambiri zimachitika poyeserera kapena pojambula makanema kutali ndi thandizo, pamene pa mpikisano waukulu pamakhala madokotala, ambulansi ndipo nthawi zina helikopita. Chimene chimasiyanitsa mpikisano wabwino ndi woipa ndi mphamvu ya osewera kunena kuti lero ayi. Pamene nthawi ya wailesi ya kanema ikulamulira kuposa mphepo, pamenepo pali vuto. Tikuonanso kuti nkhani ya ana a zaka 12 ndi 13 ochita zinthu za akuluakulu ikufuna malamulo okhwima pa kuvulala kwa mutu, chifukwa mwana sangakane yekha pamene kochi ndi makolo akuyembekezera mendulo.

Wofuna kuyamba, kapena kholo la mwana wofuna kuyamba, atani?

Asankhe masewera amodzi n'kupeza malo amene pali odziwa. Chisoti chikhale choyamba kugula, chokwana bwino, chophimba chipumi, lamba wake womangika moti pansi pa chibwano pangolowa chala chimodzi kapena ziwiri. Zisoti zambiri za njinga zimateteza pophwanyika mkati, choncho chikamenyeka kamodzi mwamphamvu chasiya ntchito ngakhale kunja chikuoneka chabwino. N'chifukwa chake chogula kwa munthu wina n'chosadalirika. Pa skateboard ndi BMX onjezani zoteteza mawondo, zigongono ndi manja. Pa njinga zotsika mapiri, chisoti chophimba nkhope yonse ndi choteteza msana.

Phunzirani kugwa musanaphunzire kudumpha: kugubuduka ndi phewa kapena kutsetsereka ndi mawondo otetezedwa, osati kutchinga ndi dzanja lotambasula. Okwera makoma aziyang'anana mfundo ya chingwe ndi lamba wa m'chiuno nthawi iliyonse asananyamuke, chifukwa ngozi zina zoopsa za m'nyumba zokwerera zimabwera munthu akaiwala kudzikoleka. Panyanja musalowe nokha, ndipo funsani kumene madzi amakokera.

Mipikisano yaing'ono ya oyamba kumene imagawa anthu potengera msinkhu ndi luso. Pa mpikisano woyamba chitani zokhazo zimene mumatera bwino nthawi zonse poyeserera. Mutu ukamenyeka, masewera athera pomwepo tsiku limenelo, ngakhale munthu akunena kuti ali bwino. Mutu ukamapweteka mowonjezereka, akamasanza, akamasokonezeka, akamaodzera modabwitsa kapena dzanja ndi mwendo zikachita dzanzi, apite kuchipatala msanga, ndipo asabwerere pa bolodi kapena njinga mpaka dokotala atamulola.